Sensa yoyeza ndere m'damu la pafamu: zimene ndaona kuyambira 2023

Anzanga angapo a m'mafamu oyandikana nafe akhala akundifunsa za chipangizo chimene chimayandama pa migolo iwiri ya buluu m'damu lathu, ena akufuna kudziwa ngati n'koyenera kuwauza mabwana awo kuti agule chonga chomwecho. Ndaona kuti bola ndilembe kamodzi, zabwino ndi zoipa zomwe. Chinthucho chimagwira ntchito, ndipo ine sindingafune kubwerera m'masiku amene tinalibe. Koma chili ndi malire amene wogulitsa sanatifotokozere bwino, ndipo malire amenewo akhoza kukuphetsani ziweto mukangochikhulupirira n'kusiya kuyendera madzi anu.

Ine kwathu ndi ku Mangochi, m'mbali mwa nyanja ya Malombe. Kuno ku Joni ndakhala zaka 9, zonsezo pafamu imodzimodzi kufupi ndi tauni ya Brits. Ntchito yanga ndi ya madzi: mapampu, mapaipi, mathanki, zomwera ng'ombe, ndi kutsegula geti la ngalande tsiku lathu lolandira madzi likakwana. Madziwo amachokera ku damu la Hartbeespoort, limene anamaliza kumanga mu 1923 pa mtsinje wa Crocodile, pampata wa mapiri a Magaliesberg. Kuchokera pakhoma lake pali ngalande ziwiri zikuluzikulu, ina kum'mawa ina kumadzulo kwa mtsinje, zogawa madzi m'mafamu a dera lino. Ife timalandira gawo lathu n'kulisunga m'damu laling'ono, kukula kwake ngati mabwalo awiri a mpira. Pampu imakoka m'menemo kupita ku ziweto, kudimba la masamba, ndi ku thanki ya kunyumba za antchito yochapira ndi kusamba. Akumwa timadalira chitsime chobowola, koma chimafooka kunja kukauma.

Aliyense amene anadutsapo pa Hartbeespoort amadziwa namasupuni amene amaphimba madzi mpaka kuoneka ngati munda. Alendo amajambula ameneyo chifukwa ndi woonekera. Chimene chimatisowetsa tulo ife ndi china, chaching'ono kuposa fumbi. Mitsinje ya Jukskei ndi Hennops imatsika ndi madzi a suweji ochokera ku Johannesburg ndi Centurion, odzaza ndi phosphorus ndi nitrogen, feteleza weniweni. Kukatentha, tizilombo totchedwa cyanobacteria timadya feteleza ameneyo n'kuswana kosaneneka. Mtundu wofala kuno ndi Microcystis. Pafamu timangoti ndere, ngakhale si ndere ija ndinakula nayo ku Malombe, yaulusi, yokakamira paukonde ndi pamiyala. Iyi ukaviika ndodo siikoleka ayi, imangoipaka ndodoyo ngati penti wobiriwira. Ndipo imatha kupanga poizoni wotchedwa microcystin, amene amawononga chiwindi cha nyama ndi cha munthu yemwe.

Mu Febuluwale 2023 tinataya ng'ombe ziwiri zazikazi zimene zinali zisanaberekepo. Tinazipeza m'mamawa pafupi ndi mpanda, ina itafa kale, ina ikupumira m'mwamba. Kukamwa ndi m'miyendo zinali zobiriwira ngati zaponda m'chitini cha penti. Dokotala wa ziweto atang'amba yoyambayo anandiitana kuti ndione chiwindi: chotupa, chakuda, ukachikhudza chimangonyenyeka ngati magazi oundana. Patapita masiku ochepa zina zitatu zinayamba kusupuka chikopa pamphuno ndi m'malo oyera a pathupi, zikuthawa dzuwa n'kumakanirira pansi pa mitengo. Dokotalayo anati ndi mmene zimakhalira chiwindi chikavulala, khungu limayamba kupsa ndi dzuwa. Anatiuzanso kuti si zachilendo m'dziko muno. M'zaka za m'ma 1940 ziweto zambiri zinafa m'mbali mwa damu la Vaal ndi ndere yomweyi, ndipo ku Kruger National Park zipembere ndi mbidzi zinafapo pa timadamu tomwera nyama.

Chimene chinandipweteka mtima n'chakuti dzulo lake madzulo ndinali padamupo, ndikumanga valavu, ndipo madzi ankaoneka ngati a masiku onse. Ndinakhala masabata ndikudzifunsa kuti ndinaphonya chiyani. Mu Okutobala chaka chomwecho bwana anagula sensa.

Dzina la kampani sinditchula, chifukwa masensa a mtundu umenewu amagwira ntchito mwa njira imodzi, ndipo zambiri zimene ndinene zikukhudza onse. Yathu ndi yaitali ngati mkono kuchokera pachigongono, yonenepa ngati tochi ya mlonda. Kunsonga kwake kuli timawindo tagalasi tating'ono ngati nyemba, ndi kaburashi kozungulira kamene kamatipukuta sensa isanawerenge. Imalendewera pa chingwe pansi pa migolo ija, ndipo waya wake amapita ku kabokosi kamene kali pa mzati kumtunda, momwe muli batire ndi SIM card, sola ili pamwamba. Mphindi 15 zilizonse imawerenga n'kutumiza nambala pa intaneti. Ine ndimaziona pa foni ngati mzere wokwera ndi kutsika. Poti imayendera sola, kuzimazima kwa magetsi sikuikhudza, ndipo chimenecho ndachiyamikira kwambiri.

Kagwiridwe kake n'kosavuta kumva. Cyanobacteria ali ndi utoto wabuluu wotchedwa phycocyanin, umene ndere wamba zobiriwira zilibe. Sensa imathwanimitsa kuwala kwa mtundu wa lalanje m'madzi, utotowo umabweza kuwala kofiirira, ndipo kadiso kena kamayeza kuchuluka kwa kuwala kobwererako. Kawindo kachiwiri kamachita chimodzimodzi ndi kuwala kwa buluu poyeza chlorophyll, utoto wobiriwira umene uli mu ndere za mtundu uliwonse. Mizere iwiriyi ukaiika pamodzi imakuuza nkhani. Wa chlorophyll ukakwera wokha, kawirikawiri ndi ndere wamba. Wa phycocyanin ukayamba kukwera, mtima uzikhala m'mwamba. Imayezanso kutentha kwa madzi.

Chinthu choyamba chimene chinandisokoneza ndi manambala ake. Amalembedwa mu RFU, nambala yongosonyeza mphamvu ya kuwala kobwerera kuja, ndipo RFU si muyezo ngati lita kapena kilogalamu. Nambala 2 ya m'damu lathu siifanana ndi 2 ya m'damu la mnzanu, kapena ya pa sensa ya kampani ina. Wodzaiika anangotiuza kuti tiziyang'ana ikakwera, n'kumapita. Ndinachita kugula kope la sukulu n'kumalemba m'mawa uliwonse: nambala, kutentha, mbali imene mphepo ikuchokera, maonekedwe a madzi, ndi ngati tinalandira madzi a m'ngalande. Patatha miyezi iwiri ndipamene ndinadziwa kuti damu lathu likakhala bwino, mzere wa phycocyanin umakhala pansi pa 1. Tinagwirizana ndi bwana kuti ikafika pa 3 izititumizira meseji yochenjeza. Amene mukufuna kugula, muiike madzi asanayambe kufunda, kuti mudziwe kaye mmene damu lanu limaonekera lili bwino.

Tsiku limene inandipindulira linali mu Januwale 2024. Tinali titalandira madzi a m'ngalande masiku anayi m'mbuyomo, kunja kukutentha usiku ndi usana, mphepo kulibe. Foni inalira cha m'ma 4 koloko m'bandakucha. Nditayang'ana mzere ndinaona kuti wakhala ukukwera usiku uliwonse, pang'onopang'ono ngati masitepe, kuchokera pa 1 mpaka kudutsa 3. Kutayera ndinathamangira kudamu. Madzi anali abwinobwino. Mukanandifunsa ndi maso okha ndikanalumbira kuti palibe vuto. Ndinatunga m'botolo loyera la jamu pafupi ndi paipi yokokera, n'kuliunika padzuwa, ndipo ndinaona tinthu tobiriwira ngati ufa wa masamba a tiyi wosefedwa kwambiri, tikuyandama apa ndi apo. Botololo ndinaliika m'firiji usiku wonse osaligwedeza. Mawa lake kukhosi kwa botolo kunali mkombero wobiriwira. Ndere wamba zimamira pansi, izi zimakwera pamwamba.

Sindinadikire mkomberowo kuti ndichitepo kanthu. Tsiku loyamba lomwelo tinazimitsa pampu ya ku zomwera, tinazitsuka ndi burashi, n'kulumikiza ziweto ku chitsime, ngakhale zinatanthauza kusiya kuthirira gawo lina la dimba. Patatha masiku atatu damu lonse linali ngati phala la masamba, likununkha ngati udzu wovunda. Palibe ng'ombe imene inadwala. Masiku atatu amenewo ndi amene bwana analipirira ndalama zake, ndipo kwa ine sensa inadzigula yokha sabata imeneyo.

Mu Malichi chaka chomwecho inatsala pang'ono kutipusitsa, ndipo apa m'pamene ndikufuna mumvetsere bwino. Kwa sabata yathunthu nambala inali pakati pa 4 ndi 5. Ndiyeno m'mawa wina ndinadzuka n'kupeza yatsika kufika pafupi ndi 1. Ndinasangalala. Chitsime chinali chitafooka, masamba akufota, ndipo ndinali nditayamba kale kuganiza zoyatsa pampu masana. Ndili pa shedi, anatulukira mkulu amene amaweta ng'ombe, bambo wa ku Ntcheu amene tonse timawatchula kuti malume.

"A kapitawo, musanayatse chilichonse, tabwerani mudzaone kungodya ya kum'mawa."

"Malume, nambala yatsika usiku. Zikuoneka kuti yatha."

"Nambalayo sindikuitsutsa. Koma tabwerani."

Kungodya imeneyo, kumene mpanda umayandikira madzi ndipo ana a ng'ombe amakonda kulowetsa mitu, ndere inali itaunjikana yokhuthala ngati nsima yosapsa, m'mphepete mwake itauma n'kusanduka yabuluu pamatope. Sensa inali mamita osakwana 100 kuchokera pamenepo, ikuwerenga madzi oyera.

Sinaname. Inanena zoona za malo amene inali. Microcystis ali ndi timatumba ta mpweya m'kati mwake. Usiku kukakhala bata, amayandama onse n'kubwera pamwamba penipeni, ndipo kamphepo kakang'ono ka m'mawa kamawakankhira kumbali imodzi ngati mmene mayi amasesera zinyalala pakhonde. Sensa yathu inali italendewera mita imodzi pansi pa madzi, pakati pa damu. Ndere itakwera pamwamba n'kusesedwa, pamene panali sensa panayera. Ndiye kuti nambala inatsika pa nthawi yomwe ngozi inali itakula kwambiri pamalo pamene chiweto chimaika mlomo. Palibe pepala limene tinalandira pogula lomwe linatichenjeza za ichi momveka bwino, ndipo ndimaona kuti ogulitsa amayenera kuyamba ndi chimenechi asanalankhule za mitengo.

Kuyambira tsiku limenelo tinasintha zinthu ziwiri. Tinasuntha migolo kuti sensa ikhale pafupi penipeni ndi kamwa ya paipi yokokera, pa kuya komweko, kuti iziyeza madzi amene akulowadi m'pampu. Ndipo malume amazungulira damu lonse m'mawa uliwonse m'miyezi yotentha, atagwira ndodo, makamaka mbali imene mphepo ikulowera. Tinakankhiranso mpanda kutali ndi madzi. Nambala ikatsika mwadzidzidzi usiku wabata, masiku ano ndimayamba ndakaikira.

Pali tizolowezi tina timene mudzatiphunzira mukakhala nayo. Dzuwa likakhala paliwombo nambala imatsika, madzulo n'kukweranso, chifukwa kuwala kwambiri kumachititsa tizilomboti kubweza kuwala kochepa, ndipo tina timatsikira pansi. Choncho ndimayerekeza usiku ndi usiku unzake, osati m'mawa ndi masana. Mvula yamphamvu ikabweretsa matope, manambala amasokonekera kwa tsiku limodzi kapena awiri. Komanso Microcystis amakhala m'timibulu, ndiye kambulu kamodzi kakadutsa pakawindo nambala imalumpha n'kubwerera. Mwezi woyamba wa chenjezo lija foni inandidzutsa kangapo pachabe chifukwa cha zimenezi, mpaka tinawapempha ogulitsa kuti chenjezo lizibwera pokhapokha nambala itakhala pamwamba kwa ola lathunthu.

Za kuisamalira, musamve zoti kaburashi kamamaliza zonse. Kamapukuta timawindo tokha. Thupi lonse la sensa limamera ndere yoterera, nkhono zimaikirapo mazira, ndipo ulusi wa ndere wamba umakoleka pa chotchingira chake n'kumapepeluka kutsogolo kwa kadiso. Zikatero mzere umakwera pang'onopang'ono ngati ngozi ikubwera, chonsecho ndi litsiro. M'chilimwe ndimaitulutsa Lolemba lililonse, ndimaitsuka ndi nsalu yofewa ndi mswachi wakale, n'kuiviika m'ndowa ya madzi a pachitsime kuti ndione ngati ikubwerera pafupi ndi ziro. Ntchito yake ndi ya mphindi 20, koma mukaidumpha masabata atatu manambala onse a masiku amenewo mutaye.

Pamene ndinakhumudwa nawo ogulitsa ndi pa nkhani ya zipangizo zosinthira. Kaburashi kanatha mu Novembala 2024, nyengo ya ndere itangoyamba. Analibe m'sitolo mwawo, anachita kuitanitsa kunja, ndipo tinadikira masabata 6. Nthawi yonseyo ndinkapalasa kabwato masiku awiri aliwonse kukapukuta timawindo ndi dzanja. Kanthu kodziwika kuti kamatha chaka ndi chaka kamayenera kukhala pa shelefu. Mbali ina ya ntchito yawo ndi yabwino: katswiri wawo amayankha foni, ndipo kamodzi pachaka amaiwongola ndi madzi a pinki otchedwa rhodamine kuti manambala asasochere. Chiphaliwali chitawotcha kabokosi ka pa mzati, anabwera pasanathe sabata. Netiweki ya foni ikavuta manambala satayika, amasungika m'bokosimo n'kudzabwera onse pamodzi, koma dziwani kuti chenjezo nalo limachedwa.

Tsopano nkhani yaikulu kuposa zonse. Sensa imayeza utoto, siiyeza poizoni. Si Microcystis aliyense amene amapanga microcystin, ndiye nambala ikhoza kukhala pamwamba poizoni ali wochepa. Choopsa ndi mbali inayo. Poizoni wambiri amakhala m'kati mwa tizilomboti tikadali tamoyo. Tikafa n'kuphulika, utoto umazimirira msanga, nambala imagwa, madzi amayera, koma poizoni uja amakhala atatayikira m'madzi ndipo amatha kukhalamo masiku ambiri. Akuluakulu anati linda madzi apite ndiye uziti ndadala, ndipo apa mawu amenewa ndi enieni. Ife ndere ikatha timadikira masabata awiri, ndipo sitiyatsa pampu ya ziweto tisanayeze poizoni weniweniyo.

N'chifukwa chomwechi tinakana malangizo a mlimi wina woyandikana nafe amene anati tithire copper sulphate, mchere wabuluu uja, kuti damu liyere tsiku limodzi. Liyeradi. Koma mankhwalawo amaphulitsa tizilombo tonse nthawi imodzi, ndipo poizoni yense amene anali wotsekeredwa amamasuka. Pa foni mzere ukanaoneka wokongola kwambiri tsiku limenelo.

Poyeza poizoni timagwiritsa ntchito timapepala tofanana ndi toyezera mimba, timene timagulidwa padera. Timasungidwa m'firiji ndipo timakhala ndi tsiku lothera ntchito. Zotsatira zimatuluka pasanathe ola. Samalani powerenga, chifukwa pa timene timagula ife zinthu n'zotembenuka: mzere wachiwiri ukaoneka bwino ndiye kuti poizoni ndi wochepa kapena palibe, ukazimirira ndiye kuti alipo. Mnyamata wina amene ndinkamuphunzitsa anawerenga mobwerera tsiku loyamba, mwamwayi ndinali pambali pake. Timapepalati si totchipa, ndipo apa m'pamene sensa imathandizanso: m'malo moyeza sabata iliyonse mwachimbulimbuli, timayeza nambala ikakwera ndi pamene yangotsika. Kamodzi kapena kawiri panyengo timatumiza botolo ku labu kuti atsimikize.

Ziweto n'zosavuta, umangotseka valavu. Anthu ndiye ovuta, chifukwa amaganiza, ndipo zimene amaganizazo nthawi zambiri n'zanzeru. Tonsefe tinakula tikuuzidwa kuti madzi okayikitsa uziwiritsa. Nthawi ya kolera uphungu umenewo wapulumutsa anthu ambiri kwathu. Tsiku lina chitsime chitachepa ndinapeza mayi a kunyumba atatereka poto wa madzi a m'thanki yochapira.

"Amenewo ndi a chiyani, mayi?"

"A tiyi wa ana. Musadandaule bambo, ndiwawiritsa mpaka abwadamuke."

Ndinawafotokozera kuti microcystin safa ndi moto wa pamafuwa. Kuwiritsa kumapha tizilombo n'kutulutsa poizoni, ndipo madzi akamaphwera poizoniyo amatsala wochuluka m'madzi ochepa. Anandiyang'ana nthawi yaitali asanaphule potoyo. Ndinawauza za mzinda wa Toledo ku America, kumene mu Ogasiti 2014 anthu oposa 400,000 anauzidwa kuti asamwe madzi a pampopi kwa masiku pafupifupi atatu chifukwa cha ndere yomweyi m'nyanja ya Erie, ndipo anachenjezedwa kuti asawiritse. Pambuyo pake mzindawo unaika masensa onga athuwa pafupi ndi pokokera madzi awo. Lamlungu lotsatira ndinasonkhanitsa mabanja onse a pakomboni n'kubwereza zomwezo, nditanyamula botolo la jamu lija lili ndi mkombero wake. Botololo linagwira ntchito kuposa mawu anga.

Muyezo wa World Health Organization wa madzi akumwa tsiku ndi tsiku ndi microgram imodzi ya microcystin pa lita, ndipo malamulo a madzi akumwa a dziko lino, SANS 241, ali ndi nambala yomweyo. Tengani galamu imodzi ya shuga muigawe magawo 1,000,000, gawo limodzi ndilo microgram. Palibe diso kapena lilime limene lingazindikire zochepa chotero. Sefa yathu ya mchenga ndi klorini wa m'thanki sizinapangidwe kuti zilimbane nazo mokwanira. Malo oyeretsera madzi akuluakulu amagwiritsa ntchito makala apadera otchedwa activated carbon, ndipo amayeza klorini wawo mosamala. Choncho tinapenta mpopi wa thanki yochapira ndi penti wofiira, ndipo chenjezo likabwera timatsekeratu ngakhale wosambira, chifukwa madziwo amayabwa pakhungu ndi m'maso, makamaka kwa ana. Masiku amenewo bwana amabweretsa madzi pa thirakitala kuchokera ku chitsime cha famu ina.

Mu Disembala 2024 tinamva kuti zipembere zinayi zafa ku nyanja ya Chivero, imene imamwetsa mzinda wa Harare, ndipo a zanyama zakutchire kumeneko anati ndi cyanobacteria. Mu 2020 boma la Botswana linanenanso chimodzimodzi za njovu zoposa 300 zimene zinafa kudera la Okavango. Nkhani ya Chivero inandikhudza kwambiri chifukwa ku Harare kuli abale athu ambiri olankhula Chichewa, ana ndi zidzukulu za amene anapita kukagwira ntchito kalekale. Nyama yaikulu ngati chipembere ikagwa ndi madzi, ndimaganiza za mwana wolemera makilogalamu 12 amene akumwa tiyi wa m'poto uja.

Kodi ndani ayenera kugula? Mtengo wake pamodzi ndi bokosi, sola ndi kudzaiika ungagule ng'ombe zingapo, ndipo chaka chilichonse pamakhala zolipira za data, kuiwongola ndi burashi. Kwa famu, loji, sukulu kapena kamudzi kamene kamakoka madzi m'damu losayenda, lolandira madzi a feteleza kapena a suweji, ndipo kali ndi gwero lina losinthira chenjezo likabwera, ndikuti gulani. Mfundo ya gwero lina ndi yofunika. Chenjezo n'lopanda phindu ngati mulibe kolowera. Mlimi amene alibe chitsime kapena thanki yosungira ayambe wawonongera ndalama zake kumeneko, sensa idzabwera pambuyo. Ndipo pakhale munthu mmodzi wodziwika amene udindo wake ndi kuitsuka ndi kuyang'ana mzere tsiku lililonse. Ndaona pafamu ina sensa yokwera mtengo kuposa yathu italendewera miyezi, itamera ndere ngati chitsa, foni yolandira chenjezo ili m'kabati ya muofesi.

Amene simungakwanitse, ndodo ndi botolo la jamu n'zaulere, ndipo timapepala toyezera poizoni mukhoza kusonkherana mafamu angapo. Palinso ntchito zoona madamu akuluakulu kuchokera pa setilaiti, ngati ya kampani ya CyanoLakes ya ku Cape Town. Setilaiti ya Sentinel-3 imaona madzi m'zigawo za mamita 300, ndiye kadamu ngati kathu n'kakang'ono kwambiri kwa iyo, koma damu lalikulu ngati Hartbeespoort limaoneka. Kwa ife amene timamwa za m'ngalande zake, kudziwa mmene kumtundako kulili tisanatsegule geti n'kothandiza.

Chimene ndikupempha bwana chaka chino ndi kachipangizo kam'manja koyeza utoto womwewu, kuti malume akamazungulira m'mawa azitha kuyeza kungodya ya kum'mawa ndi m'zomwera momwe, m'malo modalira maso okha. Panopa ndi Julayi, madzi akuzizira mpaka kuluma zala, ndipo mzere wagona pansi pa 1 kuyambira kumapeto kwa Meyi. Sensa ndaitulutsa, ndaitsuka, ndipo yapita kukawongoledwa. Kope lachitatu latsala masamba anayi kuti lidzaze. Ibwerera m'madzi sabata yomaliza ya Ogasiti, kunja kusanayambe kufunda, ndipo ulendo uno burashi yapadera ili kale m'kabati ya pa shedi.